Mphindi Khumi Zomwe Sindinalembe

Anthu akandifunsa kuti ku Mangalande ndinkagwirako ntchito yanji, ndimangoti ndinkaphika pulasitiki. Amaseka. Ena amati, "Ulendo wonse uja wa pandege kukapanga majumbo?" Ndimawasiya aseke, mano ndi awo. Chomwe sindiwauza n'chakuti amene anandibweza kuno si mzungu, si apolisi oona zolowa ndi kutuluka m'dziko. Ndinadzibweza ndekha ndi ulemu wanga womwewu.

Ndinanyamuka mwana wanga Tadala ali ndi zaka zinayi. Bambo ake anali atalowera kwawo kalekale, imeneyo ndi nkhani ina. Ndinamusiya kwa achemwali anga aakulu ku Chilomoni. Pa Chileka anandigwira siketi mpaka achemwali anachita kumumasula chala chimodzichimodzi. Ndinagwada n'kumuuza kuti, "Usalire, ndikupita kukakonza malo. Ndidzabwera kudzakutenga." Mawu amenewo ndinawalankhula pamaso pa anthu, ndipo mwana saiwala.

Kuno ndinali mphunzitsi wa sayansi ku sekondale. Ndinapeza mwayi wokachita digiri ya kemisitiri ku yunivesite ina ku Bradford, zaka zitatu. Mkati mwa sabata ndinkakhala m'kalasi ndi ana oti ndikanatha kuwaphunzitsa, kumapeto kwa sabata ndinkasambitsa nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba, kuti achemwali asamadandaule za sopo ndi yunifomu. Ndinkagona m'kachipinda kapamwamba m'nyumba zija zogundana khoma, zoti woyandikana naye akayetsemula iwe umapepesa. Lamlungu lililonse ndinkagula khadi la foni pa shopu ya m'mwenye pakona. Tadala sankadziwa zolankhula pafoni, ankangopuma m'khutu mwanga, kenako n'kufunsa, "Mubwera mawa?" Ine ndinkati si mawa, koma posachedwa.

Chisanu choyamba ndinaona jekete lofiira pamsika, la mwana, lokhala ndi chipewa chaubweya. Ndinaligula n'kulipachika kuseri kwa chitseko kudikira mwini wake. Chaka chikatha ndinkafunsa achemwali kuti mwana wafika pati, iwo amvekere wandipitirira m'chiuno, ine n'kupereka jeketelo kwa mwana wa mnzanga n'kugula lina lokulirapo. Lofiira nthawi zonse.

Nditamaliza sukulu, lamulo linkatilola ife a sayansi kugwira ntchito chaka chimodzi. Chakacho chisanathe unkayenera kupeza kampani yoti ikupemphere pemiti ya zaka zingapo. Ukakhala ndi pemiti imeneyo ndi malipiro okhazikika, unkatha kuitanitsa mwana. Ukaisowa, unkalongedza. Ndiye mukamva ndikunena pemiti, dziwani kuti ndikunena Tadala.

Ntchito anandipezera ndi a Dokotala. Dzina lawo sinditchula. Mwawaona matenda angawo? Mpaka pano ndikuwavindikirabe. Anali dokotala wa mankhwala a m'mafakitale, osati wa odwala. Anaphunzira limodzi ndi malemu bambo anga ku sekondale, ndipo anali atakhala ku Manchester zaka zoposa makumi awiri. Pagulu lathu la mapemphero la Amalawi, lomwe linkakumana Lamlungu masana m'holo yobwereka, iwo ndiwo anali mkulu. Maliro akagwa, banja likagwedezeka, wina akagwidwa ndi mapepala otha, tonse tinkathamangira kwa iwo. Sindinama, anathandiza anthu ambiri. Atamva kuti ndine mwana wa mnzawo anandigwira manja onse awiri n'kunena, "Iwe ndiwe mwana wanga. Bambo ako anagona, koma ine ndilipo." Ndinalira. Ndinasamukira ku Manchester mwezi womwewo.

Kampani yomwe iwo ankagwirako ntchito inali yaing'ono, kunja kwa mzinda komwe basi imathera, pakati pa mashedi a malata. Sinkapanga pulasitiki wogulitsa ayi. Inkayesa njira zophikira n'kumazigulitsa ku mafakitale aakulu.

Ndifotokoze pang'ono kuti timvane. Pulasitiki wa majumbo, zigubu ndi mapaipi a madzi amachokera ku mpweya wina wotchedwa etilini. Mpweyawo ukausiya pawokha udzangokhala mpweya mpaka Yesu adzabwere. Kuti ugwirane n'kusanduka ufa woyera wa pulasitiki pamafunika kaufa kena kochepetsetsa kotchedwa katalisiti. Ali ngati chimera mu thobwa: n'ngochepa, koma popanda iye muli ndi phala basi. Vuto lake sachedwa kufa. Kadontho ka madzi, kampweya komwe tikupumaka, wapita. N'chifukwa chake tinkamugwirira m'bokosi lagalasi lotseka, manja titalowetsa m'magolovesi a labala ofika m'khwapa. Mumphika wachitsulo womwe tinkaphikiramo tinkayamba tathira mankhwala ena a aluminiyamu, oopsa zedi, oti akangokhudza mpweya amayaka okha. Ntchito yawo inali kudya chinyezi chonse katalisiti asanalowe. Ine ndinkawatcha tsache.

A Dokotala anali ndi mankhwala awoawo owonjezera, amadzimadzi, oyera ngati palafini. Ankati ukadontheza pang'ono katalisiti amagwira ntchito mwamphamvu, ufa n'kutuluka wambiri. Zaka zitatu anali akulimbana nawo. Lero ufa wochuluka, mawa wochepa, mkuja wochititsa manyazi. Eni kampani anali atayamba kutopa, ndipo kukhitchini komwe tinkamwera tiyi anthu ankanong'ona kuti mkuluyo masiku ake atha. Njira yomwe analemba papepala, lomwe linamatidwa pakhoma, inkati: thira tsache, kenako thira katalisiti pamodzi ndi mankhwala owonjezerawo. A Dokotala eni ake anali atasiya kalekale kulowetsa manja m'magolovesi, ankakhala pakompyuta. Yanga inali ntchito ya manja: kutsuka, kuumitsa, kuphika motsata pepalalo, kuyeza ufa pasikelo ndi kulemba m'buku la labu. Zala zanga zinang'ambika ndi mankhwala otsukira, ndikafika kunyumba ndinkalephera kumanga mabatani.

Wondiphunzitsa manja anali Derek, bambo wa ku Yorkshire wotsala pang'ono kupuma pantchito, yemwe ankatchula aliyense kuti "lavu", ndiye kuti wokondedwa, ngakhale dalaivala wobweretsa masilinda a gasi. Sabata yanga yachiwiri ndinasolola jekeseni wa tsache mothamanga, kadontho n'kugwa pabenchi, moto kuti phuu, nsidze zanga n'kupita. Derek anathirapo mchenga osatsitsa ngakhale kapu yake ya tiyi. Anandiyang'ana n'kunena kuti nsidze zimamera, koma ndipite ndikalembe zomwe zachitika. Anagogoda buku langa lachikuto cholimba ndi chala. "Muno, chomwe sichinalembedwe umu sichinachitike," anatero. Ndinati ndamva. Kumva ndinamva ndithu.

Patatha miyezi iwiri ndinaona chinthu. Botolo la mankhwala a Dokotala likakhala latsopano, ufa unkatuluka bwino. Likakhalitsa pabenchi, chitsekerero chake cha labala chitabooledwabooledwa ndi singano, ufa unkagwa, makamaka sabata za mvula, ndipo ku Manchester sabata zonse ndi za mvula. Mayi aliyense amene anasungapo mchere nthawi ya dzinja akanadziwa. Mankhwalawo ankamwa chinyezi, ndipo ife powathira limodzi ndi katalisiti tinkachita kumumwetsa poizoni ndi manja athu, tsache asanapeze mpata wosesa.

Tsiku lina masana a Dokotala ali kumsonkhano ndinayesa zanga. Dzulo lake ndinali nditaponya m'botolomo timikanda toyamwa chinyezi. Ndinathira mankhwalawo poyamba, pamodzi ndi tsache, osati ndi katalisiti. Ndinadikira mphindi khumi maso ali pawotchi yapakhoma. Kenako ndinathira katalisiti payekha. Mphika unayamba kutentha. Muvi woonetsa mpweya wolowa unakwera n'kukhala pomwepo, osagwa ngati masiku onse. Potsegula, ufa unali utadzaza mpaka m'khosi. Ndinabwereza kanayi masiku otsatira, ndi botolo lakale lomwelo, ndipo kanayi konse chimodzimodzi. Ndinapita kuchimbudzi kukavina ndekha.

Apa ndiye panagona nkhani. Mwana wa mzungu akanathamanga nalo buku mpaka ku ofesi. Ine ndinaleredwa kwina. Kwathu munthu wamkulu akatuluka m'nyumba atavala malaya chotembenuza sumuuza pagulu, umamukodolera kuseri, ndipo ngakhale kuseriko umayamba ndi kupepesa. Zaka zitatu za munthu waimvi, mnzawo wa bambo anga, ine wobwera dzulo ndikaime n'kunena kuti mwakhala mukuphonya chinthu chomwe mayi wogulitsa mchere ku Limbe amachidziwa? Ndinadikira Loweruka. Ndinapita kunyumba kwawo, ndinathandiza amayi, akazi awo, kukhitchini, tinadya, ndinatsuka mbale. Kenako ndinakhala kunsonga kwa mpando, manja pamawondo.

"Bambo, ndimangoganiza ngati mwana. Kodi botolo lija likakhalitsa silingamwe chinyezi? Mwina tikanasinthako pang'ono..."

Sanandilole kumaliza. Anaseka, mokoma ndithu, akutsitsa mawu a wailesi yakanema. "Mwana wanga, mankhwala amenewa ndinayamba kuwagwira iwe usanamere mano. Kusukulu anakupatsani mabuku, koma labu ndi china. Iwe tsata zomwe ndinalemba."

"Chabwino, bambo."

Ndiye ndinachita chomwe ana a kwathu amachita. Pakamwa ndinavomera, m'manja ndinachita zanga. Tsiku lililonse timikanda, tsache, mphindi khumi, katalisiti. M'buku ndinkalemba mzere umodzi: "Njira: monga analembera a Dokotala." Ndinkadziuza kuti akaona ufa ukuchuluka adzandiitana pambali, adzandifunsa, adzakonza pepala lawo okha ngati nzeru yawo, ndipo ine sindidzadandaula. Ulemu upite kwa akulu, akulu akumbukire mwana. Si mmene timachitira? Mwana amasenza mtolo, wamkulu amalankhula pabwalo, koma nyama ikamagawidwa mwana saiwalika.

Ndipo ankadziwa. Izi ndi zomwe zimandiotcha mpaka lero. Tsiku lina analowa mu labu ine nditaima ndi jekeseni wa katalisiti m'manja, maso pawotchi. Anayang'ana wotchiyo, anayang'ana ine. Ananyamula botolo lawo n'kulipendeketsa, timikanda tija tikugubuduka pansi pake. Anakhala nalo m'manja kanthawi ndithu. Kenako analibweza pamalo pake bwinobwino.

"Ntchito ikuyenda?"

"Ikuyenda, bambo."

Anatuluka.

Derek nayenso anaona, koma iye sanabise. Tikumwa tiyi anati, "Lavu, mphindi khumi zako zija sindikuziona m'buku." Ndinamufotokozera za kwathu, za imvi, za bambo anga. Anandimvetsera mpaka kumapeto akuviika bisiketi.

"Ine ndinagwira zaka zambiri pafakitale ya utoto," anatero. "Tsiku lomwe inatsekedwa, mabwana onse omwe ndinkawavulira chipewa anadutsa pageti m'magalimoto awo osatsitsa galasi. Lemba, usainire, uike deti. Ine sindikakuneneza, nzeruyo ndi yako. Koma lemba."

Ndinamuyankha kuti iye sangamvetse. Ndinachita kumumvera chisoni, ine ameneyu, kuti mzungu wosauka alibe akuluakulu omuimirira. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine khutu ndinalibweza.

Ufa unachuluka miyezi yotsatizana. Fakitale ina yaikulu inayamba kufunsa za mankhwala a Dokotala. Kuntchito anagula keke, kontirakiti yawo inawonjezeredwa, kunong'ona kwa kukhitchini kunatha. Lamlungu lake anaimirira pagulu lathu kupereka umboni. Anati zaka zitatu anali m'chipululu adani akuwaseka, koma anasala kudya, ndipo Mulungu anakhudza mankhwala awo popanda kusintha ngakhale chilembo chimodzi papepala. Holo yonse inati ameni. Amayi ena analulutira. Ine ndinali pamzere wachitatu ndikuomba m'manja, manja omwewo ong'ambika. Sananditchule ngakhale ngati wotsuka mabotolo. Ndinadziuza kuti mawu awo akuwasungira pofunika.

Pofunikapo panafika. Pepala langa la chaka chimodzi linatsala ndi miyezi iwiri. Mkulu wa labu yonse, mayi wina dzina lake Helen, anatiitana ku ofesi yake, ine ndi a Dokotala monga woyang'anira ntchito yanga. Patebulo panali fomu ya pemiti, cholembera chili chotsegula m'manja mwake. Helen sanali munthu wozungulirazungulira.

"Ndikufuna ukhale," anatero. "Koma boma limafuna tisonyeze kuti ntchitoyi ikufuna luso lomwe sitingalipeze msanga kuno. Ngati umangotsata pepala, eni kampani akuti alemba munthu wa konkuno wongomaliza koleji, ndipo ine sindingawatsutse. Derek akuti uli ndi manja abwino, koma manja abwino sindingalembe pafomu. Ndiuze, pali chilichonse chomwe umachita chomwe ndi chako, chomwe sichili papepala lija?"

Yankho ndinali nalo. Koma wamkulu ali pomwepo mwana sayamba kulankhula. Ndinatembenukira kwa a Dokotala. Iyi inali nthawi yogawa nyama ija. Mawu ochepa akanakwana: mwanayu anakonza kathiridwe ka mankhwala. Ntchito sakanataya, kontirakiti anali atasaina kale. Chomwe akanataya ndi umboni wa Lamlungu lija basi.

Anayang'ana nsapato zawo. Anakhosomola pang'ono.

"Ndi mtsikana wakhama kwambiri," anatero pa Chingerezi chawo chosalala. "Womvera. Sasintha kanthu pa zomwe wauzidwa."

Helen anandiyang'ananso. Ndinene zoona, mayi uja anadikira nthawi yaitali kuposa mmene bwana aliyense angadikirire. Ndinaganiza za jekete lofiira kuseri kwa chitseko changa. Ndinaganizanso za holo ya Lamlungu, nkhope zonse zija zikumva kuti mwana wa malemu uje wavula munthu wamkulu pamaso pa azungu, nkhani n'kufika ku Chilomoni ine ndisanakwere basi yobwerera kunyumba. Maso anga anapita pansi okha.

"Palibe," ndinatero. "Ndimangotsata zomwe a Dokotala analemba."

Helen anatseka cholembera chake n'kuika fomu ija mu dirowa.

Panja, chitseko chitatsekedwa, a Dokotala anandigwira paphewa n'kubwerera ku Chichewa. "Wachita bwino, mwana wanga. Usade nkhawa, tiona njira ina. Mulungu sataya wake." Wachita bwino. Ndiye kuti ankadziwa bwino lomwe chomwe ndameza. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma kwa ine zinatembenuka, anadya ndi akulu m'mimba n'kupota mwana.

Musandifunse chifukwa chake sindinabwerere kwa Helen mawa lake. Ndinapita kawiri mpaka pachitseko. Koma ndikanati chiyani? Kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikulemba bodza m'buku la labu, tsamba ndi tsamba, dzina langa lili pansi? Ku labu bodza la m'buku ndi mlandu woposa kuswa mphika. Chingwe chomwe chinandimanga ndinachipota ndekha, tsiku ndi tsiku, mwaulemu. Derek sanandilankhule masiku atatu. Tsiku lachinayi anandiikira tiyi patsogolo n'kunena, "Ndiwe wanzeru kuposa tonse muno, ndipo ndiwe chitsiru." Sindinamutsutse.

Njira ina ija sinaoneke. Ndikawafunsa a Dokotala ankati akulankhula ndi anthu. Anthu ake sindinawaone. Mayi wina wa ku Zambia yemwe ndinkakhala naye nyumba imodzi anandiuza kuti ndingolowa pansi, ndikhale mobisala mapepala akatha, ndizisambitsa nkhalamba ndi dzina la munthu wina monga ankachitira ambiri. Ankandifunira zabwino, analira nane pakhitchini. Koma wolowa pansi saitanitsa mwana, sapitanso kwawo kukamuona. Ndikanakhala ku Mangalande n'kutaya chomwe ndinapitira.

Gulu linandikonzera mapemphero otsanzikana, masamusa ndi zakumwa zili mbwee patebulo. A Dokotala anandisanjika manja n'kupemphera nthawi yaitali, kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwana wodzichepetsa. Manja awo ankandilemera pamutu, mano ndinakukuta, koma pomaliza ndinati ameni pamodzi ndi onse. Ku labu ndinasiya zonse mmene zinalili. Sindinawononge kanthu, sindinabise kanthu. Pepala linali pakhoma, buku pashelefu. Derek anapuma pantchito Khirisimasi ya chaka chomwecho, ndipo zomwe anaona anapita nazo kwawo.

Ku Chilomoni ndinapeza mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, wamtali, wowonda. Anagwada patali n'kunena, "Mwayenda bwanji?" maso ali pansi. Achemwali ankawatcha amayi, ine ankanditcha amayi a ku Mangalande, ngati kuti kumeneko n'kumene ndinabadwira. Achemwali nawo sanali omwe ndinawasiya. Anayang'ana masutikesi anga awiri n'kufunsa ngati katundu wina akubwera pambuyo. Sindikuwada, analera mwana wanga zaka zinayi, anali ndi ufulu woyembekezera zoposa masutikesi awiri. Achibale ankabwera kudzandiona, funso lawo limodzi: mubwerera liti?

Ndinatulutsa jekete lofiira, lachinayi. Unali mwezi wa Novembala, malata akulira ndi dzuwa. Tadala analivala pakati pa balaza, thukuta lili chuchuchu. Linamukwana ndendende, mikono mpaka pamfundo za manja. Anati zikomo, analivula, analipinda bwinobwino. Kenako anafunsa motsitsa mawu, akuyang'ana achemwali osati ine, "Ndiye tipita liti?" Achemwali anamukalipira kuti mwana safunsa akuluakulu mafunso. Ine ndinalowa kuchipinda.

Ndinabwerera ku choko. Patatha miyezi ngati inayi, Loweruka lina masana ndikuchonga makope pakhonde, foni inalira. Nambala yaitali yakunja.

"Mwana wanga, muli bwanji kumeneko? Tadala akukula?"

Anali a Dokotala. Tinapatsana moni wonse, wa amayi, wa gulu, wa mvula. Kenako mawu awo anatsika. Amene analembedwa m'malo mwanga ankatsata pepala ndendende, ndipo ufa unali utagwa. Fakitale yaikulu ija inali itayesa mumphika wake, zinakanika, ndipo inkafuna mayankho sabata yotsatira. Eni kampani anali atayambanso kufunsa mafunso, ulendo uno osanong'ona.

"Timikanda tija ndaikamo tatsopano," anatero. "Zasinthako pang'ono, koma sizikufika. Tandiuza, mwana wanga, paja unkaima pawotchi paja, unkadikira chiyani?"

Anafunsa tsopano. Funso lomwe ndinalidikira miyezi yonse ija, lomwe likanabwera nthawi yake bwenzi Tadala akuvala jekete lake kumalo oyenera, linabwera pafoni ine ndili ndi choko m'zikhadabo. Yankho lake linali lalifupi, ndikanawapulumutsa ndi mpweya umodzi. Ndinayang'ana pabwalo pomwe Tadala ankayanika zovala, akudumphira chingwe poti chinali patali.

"Ine, bambo?" ndinatero, ndi ulemu wonse womwe makolo anga anandiphunzitsa. "Palibe. Ndinkangotsata zomwe munalemba. Paja munanena nokha kuti sindisintha kanthu."

Ndinkamva kupuma kwawo kuchokera ku Manchester konse.

"Mupereke moni kwa amayi," ndinatero, n'kudula.

Ndinkayesa ndimva kukoma. Koma nditatsitsa foni ndinapeza kuti ndagwada. Sindikudziwa kuti pampando ndinatsikapo liti. Mawondo anali pasimenti, dzanja lamanzere litagwira chigongono chakumanja, kugwadira munthu wosandiona n'komwe, munthu amene anayang'ana nsapato zake tsiku lija. Ndipo pamasitepe, beseni lake lili pambali, Tadala nayenso anali atagwada, poti anaona wamkulu wagwada.

Ndinamukoka pamkono mwamphamvu mpaka analira. Achemwali anatuluka m'nyumba akuthamanga.

"Mwana walakwanji?"

"Sanalakwe," ndinatero. "Aimirire basi. Ndipo akadzafunsanso kuti tipita liti, mumusiye afunse."